Cilembo cimodzi m'magazi: za nthenda ya zenga

M'midzi yathu ya m'mbali mwa nyanja ya Chiuta tonse tinamvapo za mabanja amene ana awo amabadwa bwino, nayamwa bwino, koma akangopitirira miyezi 6 amayamba kutupa manja ndi mapazi, kulira usiku wonse, ndi kuyera m'zikhato. Wina amwalira asanayambe kuyenda, wotsatira naye cimodzimodzi, pamene wapakati akukula wathanzi osadwala konse. Zikatero pamudzi pamabuka mau. Ena amati ndi tsempho, wina mwa makolo sanasunge mwambo. Ena amaloza nkhalamba ya kuseri kwa mudzi. Ena amathamangitsa mkamwini. Sikuti imfa zonse zotere zili ndi gwero limodzi, iai, pakuti malungo, njala ndi matenda ena nazonso zimatupitsa ndi kupha ana. Koma pali nthenda imodzi imene imayenda ndendende mwa njira imeneyi, ndipo gwero lake likudziwika mpaka pa cilembo cimodzi. Kucipatala kwathu amaichula m'Cipwitikizi kuti drepanocitose kapena anemia falciforme, ndipo kutsidya ku Malawi amati sickle cell. Maina awiri otsirizawa akunena za zenga, cija timamwetera udzu ndi kudulira mpunga, cimene ena amati cisikilo. Ife pano tiziti nthenda ya zenga.

Tiyambe ndi magazi eni ake. Cimene cimafiiritsa magazi ndi timaselo tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso, tozungulira ngati kambale kolowa pakati. M'kati mwa selo lili lonse mwadzaza puloteni yochedwa hemoglobini, ndipo nchito yake ndi kunyamula mpweya wabwino kucoka m'mapapo kupita nawo ku ziwalo zonse. Selo lofiira labwino limakhala lofewa, lotha kupindika. Liyenera kutero cifukwa timitsempha tina ta m'thupi ndi topapatiza kuposa selolo, ndiye limadzipinda kuti lidutse, monga bwato lodutsa mumpata wa bango. Limagwira nchito masiku pafupifupi 120, kenaka thupi limalicotsa ndi kupanga lina m'mafuta a m'mafupa.

Tsono puloteni ndi ciani? Ganizirani mkanda wotungidwa pa ulusi. Mitundu ya mikanda yake ilipo 20, ndipo aukatswiri amaichula kuti ma amino asidi. Puloteni ili yonse ili ndi katungidwe kakekake, mkanda uti uyambe, uti utsatire. Hemoglobini ya munthu wamkulu ili ndi zingwe zinai: ziwiri zochedwa alpha, za mikanda 141 ciri conse, ndi ziwiri zochedwa beta, za mikanda 146 ciri conse. Pa cingwe ca beta, mkanda wa nambala 6 uyenera kukhala umene amati glutamic acid. Mwa munthu wa nthenda ya zenga, pamalo pamenepo pali wina wochedwa valine. Basi, kusiyana kwake nkomweko. Mikanda ina 145 ili m'malo mwake.

Thupi limadziwa katungidwe kameneka powerenga malangizo amene tinalandira kwa atate ndi amai, olembedwa m'cinthu cochedwa DNA. Inu amene mwaphunzira kuwerenga mukukula mumvetsa msanga pamenepa. Malangizowo ali ndi zilembo zinai zokha, A, C, G ndi T, ndipo mau ake onse ndi a zilembo zitatu. Liu la GAG limauza thupi kuti litunge glutamic acid. Liu la GTG limati litunge valine. Casintha ndi cilembo capakati cokha. Taonani m'cinenero cathu: lembani ufa, kenaka fufutani cilembo capakati muikepo t. Mwapeza uta. Wotumidwa kumsika ndi kalata yotere akhoza kubwera ndi uta ana akudikira nsima.

Koma mkanda umodzi ungabvutitse bwanji thupi lonse? Glutamic acid amagwirizana ndi madzi, ndipo hemoglobini yokhala naye imayandama payokhapayokha m'kati mwa selo. Valine ali ngati mafuta, safuna madzi, amafuna pomamatira. Hemoglobini ikatula mpweya wake m'ziwalo imasintha pang'ono maonekedwe, ndipo pamenepo valine uja amapeza kabowo pa hemoglobini inzake namamatira. Inzakeyo imamatira ina, inayo ina, mpaka zipanga timitengo tatitali touma m'kati mwa selo. Selo lija linali lofewa limakokeka, liuma, lipindika ngati zenga kapena mwezi wongooneka kumene. Likabwerera m'mapapo ndi kulandira mpweya limawongoka, koma likapindika kawirikawiri limaonongekeratu.

Apa pakutuluka mabvuto awiri. Loyamba, selo lotere silikhalitsa: limafa pa masiku 10 mpaka 20 m'malo mwa 120, ndipo thupi silingathe kubwezera mofulumira comweco. Ndico cifukwa cake mwana amakhala wocepa magazi masiku onse, wotopa msanga, wa maso acikasu. Laciwiri, maselo ouma aja amakodwa m'timitsempha ndi kutseka njira, monga zinyalala zitsekera ngalande ya m'munda wa mpunga. Kumene magazi sakufika kumayamba kupweteka koopsa. Mwa khanda ndi m'timafupa ta manja ndi mapazi, ndiko kutupa kuja. Mwa wamkulupo ndi m'miyendo, m'mikono, kumsana, m'mimba ndi m'cifuwa. Njira ikatsekeka mu ubongo mwana amafa ziwalo, matenda amene ambiri timaganiza kuti ndi a nkhalamba zokha. Ku maiko kumene anawerenga bwino anapeza kuti popanda citetezo, odwala pafupifupi 11 mwa 100 amagwidwa comweco asanafike zaka 20.

Nanga bwanji khanda limayamba labwinobwino? Cifukwa mwana ali m'mimba amagwiritsa nchito hemoglobini ya mtundu wina, yopanda cingwe ca beta, ndipo imeneyi siimamatirana. Akabadwa imanka nicepa pang'onopang'ono, ya ukulu nilowa m'malo. Pofika miyezi 6 citetezo cija cimakhala catsala pang'ono. Tawonani mmene zimenezi zimasokeretsera anthu: nthawi imeneyi ndi yomweyo imene anthu amayang'anitsitsa khalidwe la makolo a mwana, ndiye kutupa kukabwera yankho limakhala lokonzeka kale pakamwa pa anamkungwi. Pamene cenicenico cinalembedwa m'magazi a mwanayo asanabadwe.

Pano tikhalepo pang'ono, pakuti ndi pamene pagona mtendere wa mabanja. Munthu ali yense ali ndi makope awiri a malangizo a cingwe ca beta, lina locokera kwa atate, lina kwa amai. Kope labwino timalicha A, losinthika lija S. Amene ali ndi AA alibe kanthu. Amene ali ndi AS ndi wonyamula cabe: amalima, amapalasa bwato, amabereka, amakalamba osadziwa n'komwe kuti ali nako. Wodwala ndi amene walandira S kuwiri konse, SS. Ndiye kuti mwana wa SS sangabadwe kwa kholo limodzi lonyamula. Onse awiri anaponyapo. Kwathu kuno, kumene mwana timamuwerengera kucikazi, tizolowera kunena kuti mwana ndi wa kwa amai ake. Pa mudzi ndi pa munda zingakhale conco, koma m'magazi theka ndi la atate, theka ndi la amai. Wothamangitsa mkamwini ndi wonyoza mkazi onse alakwa mofanana.

Yesani izi pa kalasi kapena pa bwalo. Tengani matumba awiri, lina la bambo lina la mai, m'thumba lili lonse muike nyemba imodzi yoyera ndi imodzi yofiira. Wina atseke maso atole imodzi uku, imodzi uko. Zoyera zonse ndi AA, yoyera ndi yofiira ndi AS, zofiira zonse ndi SS. Bwezerani nyembazo, mutolenso. Mukacita kambirimbiri muona kuti zofiira ziwiri zimatuluka pafupifupi kamodzi pa kanai, zosakaniza kawiri pa kanai. Koma muonanso kuti nthawi zina zofiira zimatuluka katatu motsatizana, nthawi zina osatuluka kasanu ndi kawiri. Pakuti mimba ili yonse ndi kutola kwatsopano, thumba silikumbukira za dzulo. Nkuona banja lina la AS ndi AS lili ndi ana asanu athanzi, pamene la mnzawo laika atatu m'manda.

Mwina wina afunsa, eti, cinthu copha ana cotere cinaculuka bwanji pakati pathu osatha cokha? Yankho lake likuuluka madzulo ali onse m'madambo a Chiuta, a Amaramba ndi a Chilwa: udzudzu. Mu 1946 dokotala wina, E. A. Beet, akugwira nchito ku Balovale m'dziko limene lero ndi Zambia, anaona kuti anthu onyamula S sapezeka ndi tizirombo ta malungo kawirikawiri ngati anzawo. Mu 1954 Anthony Allison, amene anakulira ku Kenya, anaonetsa poyera ndi kafukufuku wa ku East Africa kuti S imaculuka kumene malungo aculuka, ndi kuti imachinjiriza onyamula. Kafukufuku wa pambuyo pake ku Kilifi, ku Kenya komweko, anapeza kuti mwana wa AS amatetezedwa ku malungo akulu, opha aja, pafupifupi ndi magawo 9 mwa 10. Cotero kwa zaka zikwi zingapo, m'maiko a malungo, ana a AA ambiri ankafa ndi malungo, a SS ankafa ndi zenga, a AS nkumatsala ndi kubereka. Cilembo cija cinapulumutsa makolo athu ambiri, ndipo mtengo wake akulipira ndi ana a SS. Tisamve molakwa: wa AS amadwalabe malungo ndipo agone m'neti monga ali yense. Ndipo kwa mwana wa SS malungo ndi mdani woopsa kwambiri, pakuti amaphwanya magazi amene ndi ocepa kale. Kafukufuku wa malungo wa dziko lathu wa 2018 anapeza tizirombo mwa pafupifupi theka la ana ang'ono a m'Niassa.

Za kuculuka kwake tiyang'ane kutsidya, kumene kuli abale athu a magazi amodzi, Anyanja, Ayao ndi Alomwe amene malire anangowadutsa pakati. Kafukufuku wa ana a m'Malawi monse wa 2015 ndi 2016 anapeza onyamula pafupifupi 9 mwa 100. Wina, woyeza makanda oposa 10,000 a m'cigawo capakati ca Malawi, wofalitsidwa mu 2021, anapeza onyamula 7 mwa 100 ndipo odwala pafupifupi mmodzi mwa 1,000. Mukatsikira kum'mwera kwa mtsinje wa Zambezi S imanka nicepa. Pa dziko lonse lapansi akuti mu 2021 munabadwa ana oposa 500,000 a nthendayi, ndipo pafupifupi 8 mwa 10 a iwo anabadwira mu Africa ya kum'mwera kwa Sahara.

Mbiri ya m'mabuku imayamba mu 1910 ku Chicago, pamene dokotala James Herrick analemba za maselo opindika m'magazi a wophunzira wina wa za mano wocokera ku cilumba ca Grenada. Mu 1949 Linus Pauling ndi anzake anaonetsa kuti colakwika cili mu hemoglobini, ndipo mu 1956 ndi 1957 Vernon Ingram ku Cambridge anapeza mkanda umodzi uja. Aka kanali koyamba kuti nthenda ya munthu ilondoledwe mpaka pa amino asidi imodzi. Koma tisaganize kuti Africa anadikira Chicago kuti aidziwe. Ku Ghana anthu a Ga ankaicha chwechweechwe, a Ewe nuidudui, mau otsanzira kutafuna kwa ululu m'mafupa, ndipo ankadziwa kuti imayenda m'mabanja ndi kuti imakula nyengo yozizira ya mvula. Dokotala wa kumeneko, Felix Konotey-Ahulu, anailondola m'banja la kwawo mpaka caka ca 1670. Ku Nigeria Aigbo amanena za ogbanje ndipo Ayoruba za abiku, mwana amene amabadwa, kufa, ndi kubweranso kwa mai yemweyo. Ena mwa ana otere, akayezedwa masiku ano, amapezeka ndi zenga. Ife sitinaipatse dzina lakelake, tinaigawa pakati pa tsempho, nyamakazi, kapamba ndi ufiti.

Tsopano ku zimene tingacite, pakuti mwana wa SS sanalembedwere manda. Kale m'madera ambiri a Africa theka kapena kuposa la ana otere ankafa asanafike zaka 5, koma kumene amadziwika msanga ndi kusamalidwa ambiri amakula, amaphunzira, amakwatira.

Cimene cimapha ana ang'ono kwambiri si ululu, koma kapamba. Kapamba ndiye mlonda wosefa tizirombo m'magazi, ndipo maselo a zenga amamuononga mwana akali wamng'ono. Mlonda akagona, tizirombo ta cibayo ndi toumitsa khosi tikhoza kupha mwana pa tsiku limodzi. Nchifukwa cake mwana wotere akatentha thupi apite kucipatala tsiku lomwelo, osati mawa, osati tikaone kaye kwa asing'anga. Mu 1986 kafukufuku wa ku America anaonetsa kuti penisilini womwa tsiku ndi tsiku amacepetsa matenda oopsawa ndi 84 pa 100. Katemera wa cibayo analowa m'ndondomeko ya ana ku Malawi mu 2011 ndi ku Mozambique mu 2013. Onetsetsani kuti khadi la mwana ladzaza. Kapamba ali ndi bvuto linanso: nthawi zina amatupa mwadzidzidzi ndi kumeza magazi ambiri a mwana, mwana nkuyera, kufooka, kupuma mwabefu. Ku Jamaica madokotala anaphunzitsa amai kupapasa pansi pa nthiti za kumanzere tsiku ndi tsiku posambitsa mwana, ndipo imfa zotere zinacepa kwambiri. Palibe mtengo pamenepa, ndi zala zanu zokha. Pemphani anamwino akuonetseni, ndipo mukamva kuti kapamba watsika kuposa masiku onse, nyamukani. Kutemera mphini pamimba kapena pa mapazi otupa kumangotaya magazi amene mwana alibe, ndi kutsegulira khomo tizirombo. Zilonda za pa akakolo mwa odwalawa zimacedwa kupola.

Ululu umadzutsidwa ndi zinthu zodziwika: kuzizira, ludzu, kutopa kwambiri ndi matenda ena. Kwa ife a kunyanja zimenezi zili pakhomo. Mnyamata wa zenga asalowe m'madzi mbandakuca m'miyezi ya Juni ndi Julayi kukakoka ukonde kapena kukaonjola miono, asagone padoko ndi zobvala zonyowa, asakhale tsiku lonse m'matope a mpunga. M'cilimwe ca Okutobala madzi akumwa asamucoke pafupi. Impso zake sizisunga madzi bwino, ndiye amakodza pafupipafupi, ndipo ambiri amakodza pamphasa ngakhale atakula. Musammenye, ndipo musamumane madzi madzulo poganiza kuti mukumuthandiza, mukumuitanira ululu. Aphunzitsi nanu, mwana wotere akapempha kutuluka kapena kumwa madzi mloleni, ndipo akajomba sabata yonse si ulesi. Ululu ukayamba, mfunditseni, mpatseni madzi ambiri ndi parasetamolo pa mlingo umene acipatala anakuuzani. Koma ukafika m'cifuwa, kapena mwana akapuma mobvutika, akapotoka pakamwa, dzanja kapena mwendo ukafooka, imeneyo ndi ya kucipatala msangamsanga. Mnyamata amene umuna wake waima mopweteka kwa maora osagwa asabise ndi manyazi, nayenso ndi wa kucipatala.

Cinanso: kucepa magazi kumeneku si kwa kusowa ayironi. Musagule mapiritsi a magazi pamsika ndi kumampatsa miyezi ndi miyezi popanda acipatala kulamula. Amene amaperekedwa kawirikawiri ndi folic acid, pamodzi ndi mankhwala oteteza malungo.

Alipo mankhwala amene amafika pafupi ndi muzu, dzina lake hydroxyurea. Nchito yake ndi kudzutsanso hemoglobini ya ukhanda ija, imene imalowa pakati ndi kuletsa kumamatirana. Anatsimikizidwa pa akulu mu 1995. Ambiri ankakayika ngati angathandize ana a kuno kumene kuli malungo, koma kafukufuku wochedwa REACH, wa ana pafupifupi 600 a ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda, wofalitsidwa mu 2019, anapeza kuti ululu unacepa, kuikidwa magazi kunacepa, imfa zinacepa, ngakhale malungo amene anacepa. Ndi mankhwala omwa tsiku ndi tsiku ndipo amafuna kuyezetsa magazi nthawi ndi nthawi, cotero sangayambidwe pakhomo. Mu 2022 nduna za umoyo za maiko a Africa zinabvomereza ndondomeko yochedwa PEN-Plus, yakuti matenda aakulu osapatsirana, pamodzi ndi zenga, azithandizidwa m'zipatala za m'maboma osati m'mizinda yaikulu yokha. Ku Neno m'Malawi inayamba kale zimenezi zisanabvomerezedwe. Kumaiko olemera, kumapeto kwa 2023, analola njira yokonza malangizo a m'maselo a m'mafupa, yochedwa Casgevy, imene mtengo wake ku America unaikidwa pa madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi. Tikuichula kuti mudziwe kuti iliko. Kwa mwana wa ku Mecanhelas neti, katemera, penisilini ndi zala za amai ake ndizo zili pafupi.

Za ukwati tinenepo mosamala. Ku Nigeria mipingo yambiri imafuna kuti otomerana ayezetse magazi asanadalitse ukwati, ndipo ena amakaniza a AS awiri kukwatirana. Ife tiona kuti kuyezetsa ndi kwabwino, koma kukaniza ndi kulengeza pagulu kumabala kusalana ndi zikalata zabodza. Awiriwo adziwe, afotokozeredwe za nyemba zija, asankhe okha pamodzi ndi ankhoswe awo ngati afuna. Maukwati a pacisuweni, amene makolo athu ankawakonda, amakulitsa mpata wakuti onse awiri anyamule S yocokera kwa gogo mmodzi, ndiye kumene m'banja munafapo ana mwa njira tafotokozayi ndi bwino kuyezetsa. Ndipo amene ali kale m'banja, mwana wawo wapezeka ndi SS, apite ndi abale ake onse a mwanayo kukayezetsa, makamaka khanda lobadwa pambuyo, lisanayambe kutupa. Mai amene iye mwini ali ndi SS akaima, ayambe sikelo msanga ndipo akacirire kucipatala kumene angathe kuika magazi.

Kuyeza kwake kumafuna kadontho ka magazi. Pali njira ya m'labotale, ndipo masiku ano palinso tizipangizo tofanana ndi toyezera malungo, toyankha pa mphindi zocepa. Yambani pa cipatala canu ca pafupi, mufotokoze zonse: kutupa kwa manja, cikasu, kangati mwana waikidwa magazi, ndi abale ake amene anamwalira, pakuti dokotala woona mwana kamodzi kokha amangoti malungo. Iwo ndiwo angakutumizeni ku Insaca, ku Cuamba, ngakhale ku Lichinga kapena ku Nampula. Ngati mwana waikidwa magazi m'miyezi itatu yapitayi nenani, cifukwa magazi a mwini wina aja akhoza kubisa yankho. Ndipo popeza ambiri a ife timadutsa pa Entre Lagos ndi Nayuchi, kapena kuoloka nyanja, kukalandira thandizo ku Liwonde ndi ku Zomba, pemphani kuti pa khadi la mwana alembepo maina onse awiri, drepanocitose ndi sickle cell, ndi zilembo zija SS, kuti namwino wa mbali ili yonse ya malire adziwe msanga cimene akulimbana naco ngakhale mutafika usiku.